Satifiketi ya amayi, ya "minority" kapena ya ma veteran ku America: yankho kwa achemwali a kampani yokolopa maofesi

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akukhala ku Indiana, dzina sinditchula. Mwachidule akuti iwo ndi amuna awo ali ndi kakampani kokolopa m'maofesi, katha zaka zitatu, antchito alipo ochepa. Iwowo ali ndi green card, bambowo ndi amene anatenga unzika wa America koma amagwira ntchito ina ya usiku, moti amene amayendetsa kampaniyo tsiku ndi tsiku ndi mayiwa. Amva kutchalitchi kuti boma limapereka makontrakiti kwa anthu akuda, kwa amayi, kwa omwe anakhalapo asilikali komanso kwa anthu aulumali, bola ukhale ndi satifiketi. Wina wawaimbira foni kuti amulipire awapangire zonse. Wachibale wina akuti ingolembani kampaniyo m'dzina la msuweni wathu uja anali ku usilikali, zinthu ziyenda msanga. Komanso ali ndi mchimwene wawo yemwe amayenda pa wilutcheya ndipo akufunsa ngati iyeyo ali ndi mwayi wake. Funso lawo lomaliza ndi lakuti, tiyambire pati?

Achemwali, zikomo kwambiri polemba, ndipo ndiyankha motalika chifukwa nkhani imeneyi yadyetsa anthu ambiri ndalama zawo pachabe.

Chinthu choyamba chimene anthu kutchalitchiko sanakuuzeni ndi chakuti satifiketi siibweretsa kontrakiti. Ili ngati kupatsidwa benchi pa msika, benchilo ndi lanu ndithu koma tomato mukapeze nokha ndipo ogula muwaitane nokha. Pali makampani ambiri omwe ali ndi masatifiketi awiri atatu koma boma sanaligulitsepo ngakhale tsache. Nde musanathamangire pepala muyambe mwadziwa kuti mukufuna kugulitsa kwa ndani, chifukwa "boma" la ku America si limodzi. Kuli boma la federal la ku Washington, kuli boma la state yanu, kuli county, mzinda, masukulu, bwalo la ndege, kampani ya mabasi a mumzinda, aliyense ali ndi malamulo ake ndi satifiketi yake, ndipo pepala la uyu nthawi zambiri uyo salilandira.

Ndalama zilipo, izo nzoona. Boma la federal limagula katundu ndi ntchito zopitirira $700 biliyoni pa chaka, ndipo lamulo linaika cholinga choti 23 peresenti ya ndalama zimenezo zizipita kwa mabizinesi ang'onoang'ono. Mu chaka cha boma cha 2023 mabizinesi ang'onoang'ono analandira pafupifupi $178 biliyoni. Mkati mwake muli zolinga zing'onozing'ono, 5 peresenti ya makampani a amayi, 5 peresenti ya makampani a anthu oponderezedwa omwe amati disadvantaged, 3 peresenti ya makampani a m'madera osauka otchedwa HUBZone, ndi ya ma veteran ovulala ku usilikali yomwe inali 3 peresenti kenako anaikweza kufika pa 5. Koma izi ndi zolinga chabe, si lonjezo. Tengani ya amayiyo, cholinga cha 5 peresenti chinaikidwa mu 1994 koma pa zaka zambirimbiri zotsatira boma linachikwaniritsa mu 2015 ndi mu 2019 basi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amayi ambiri amalowa muno ndi chiyembekezo chachikulu.

Tsopano pa inu mwini. Pulogalamu ya amayi ya federal imatchedwa WOSB ndipo amaiyang'anira ndi a SBA, bungwe la boma loona za mabizinesi ang'onoang'ono lomwe lilipo kuyambira 1953. Kuti mulowe, mayi kapena amayi akhale ndi 51 peresenti ya kampani kapena kuposera apo, akhale pa udindo waukulu kuposa onse, aziyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku komanso kupanga ziganizo zikuluzikulu. Zonsezi mwina mukuzikwanitsa kale. Pamene pakukomolani ndi apa, mayiyo ayenera kukhala nzika ya America. Green card siikwanira. Chimodzimodzinso 8(a), yomwe ndi pulogalamu ya SBA ya mabizinesi a anthu oponderezedwa, ndi HUBZone, onsewo amafuna kuti eni ake a 51 peresenti ija akhale nzika. Ndiye aliyense amene akukuuzani kuti lipirani ndikupezereni WOSB muli pa green card, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Ngati mwatha zaka zisanu ndi green card mutha kulemba fomu ya N-400 yopempha unzika, ndipo zimatsika kufika pa zaka zitatu kwa amene wakhala m'banja ndi nzika zaka zitatu zonsezo mnzakeyo ali kale nzika. Ndikudziwa kuti Amalawi ambiri ankazengereza chifukwa choopa kutaya pasipoti ya kwathu, koma Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kulola unzika wa maiko awiri. Chisankho ndi chanu ndi banja lanu, ine ndikungokuuzani kuti khomo la WOSB limatsegukira pamenepo. Ndipo likadzatseguka kulembetsa kwake ndi kwaulere pa webusaiti ya SBA. Kale munthu ankangodzinenera yekha kuti kampani yanga ndi ya mayi, zimenezo zinatha mu October 2020, pano amafuna mapepala. Dziwaninso kuti makontrakiti opatulira amayi okha sali m'mitundu yonse ya ntchito, ali m'magulu omwe SBA inapeza kuti amayi ndi ochepa, ndiye muyang'ane nambala ya ntchito yanu pa mndandanda wawo.

Mwina mukuganiza kuti, si bambo ali ndi unzika, nanga osalemba 8(a) m'dzina lawo bwanji? Tiyeni tiione bwinobwino 8(a) imeneyi chifukwa ndi imene anthu amaitamanda kwambiri. Ndi pulogalamu ya zaka 9 ndipo munthu amalowamo kamodzi kokha pa moyo wake, zikatha zatha. Ubwino wake waukulu ndi woti ofesi ya boma itha kukupatsani kontrakiti popanda mpikisano, mu 2024 malire ake anali $4.5 miliyoni pa ntchito wamba ndi $7 miliyoni pa zopangapanga. Kampani iyenera kukhala itagwira ntchito zaka ziwiri. Mwini wake chuma chake chisapitirire $850,000 osawerengera nyumba imene akukhalamo, gawo lake mu kampaniyo ndi ndalama za penshoni, zimene amapeza pa chaka zisapitirire $400,000 mukatenga pakatikati pa zaka zitatu, ndipo katundu wake yense asapitirire $6.5 miliyoni. Ambiri a ife malire amenewa sitiwayandikira nkomwe. Koma pa fomu ya chuma muja mumalemba zonse, kuphatikizapo nyumba ya lendi ija munamanga ku Lilongwe ndi puloti ya ku Blantyre, musazibise poganiza kuti sangazione, mukusaina kuti zonse mwalembazo nzoona.

Vuto lili pakuti 8(a) imafuna kuti mwini wakeyo aziyendetsa kampaniyo nthawi yonse ya ntchito, ikhale ntchito yake yeniyeni. Bambo amene amagwira shifiti ya usiku kwina, masana akugona, makasitomala onse amadziwa nambala ya mayi, sangapambane pamenepo. Ndipo ngakhale atalowa mwamwayi, mwawononga mwayi wawo wa kamodzi uja pa nthawi imene kampani sinakonzeke. Zaka 9 zimathamanga. Ine ndimalangiza anthu kuti 8(a) azilowa ali kale ndi mbiri ya ntchito ndi anthu owadziwa m'maofesi a boma, osati kulowa kaye nkumaphunzira zaka zikutha.

Palinso kusintha kwakukulu kumene amene anakuuzani za "minority" mwina sakukudziwa. Kwa zaka zambiri munthu wakuda, wa Chispanishi, Mmwenye wa ku America kapena wochokera ku Asia ankangotengedwa kuti ndi woponderezedwa popanda kufotokoza chilichonse. Mu July 2023 khoti la federal ku Tennessee, pa mlandu wa kampani ya Ultima Services, linagamula kuti kutengera mtundu wa munthu motero nkosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pambuyo pa chigamulocho, mu 2023 momwemo, SBA inayamba kufuna kuti munthu alembe nkhani yake, afotokoze tsankho limene anakumana nalo pa maphunziro, pa ntchito kapena pa bizinesi, liti, kuti, anachita ndani, ndipo linamubweza bwanji m'mbuyo. Apa ndi pamene ife obwera timapunthwa, chifukwa lamulo limanena kuti zimene mukufotokozazo zikhale zokuchitikirani mu America momwemo, osati kudziko lina. Kuyenda wapansi makilomita ambiri popita ku pulayimale, kusowa fizi, njala ya 2002, zonsezo ndi zoona ndipo ndi zowawa koma pa fomu imeneyi sizilowa. Mu 2025 SBA inalengezanso kuti ikufufuza pulogalamu yonseyo chifukwa cha nkhani za chinyengo, nde mapepala akuwayang'ana mwamphamvu kuposa kale. Tsiku limene mudzafune kulemba mudzawerenge zimene zili pa sba.gov tsiku lomwelo, musadalire vidiyo ya pa YouTube ya zaka zitatu zapitazo.

Nanga ndi green card palibe chilichonse? Chilipo, ndipo chachikulu kwambiri ndi ichi, makontrakiti opatulira mabizinesi ang'onoang'ono wamba safuna satifiketi iliyonse, ndipo kuti kampani iwerengedwe kuti ndi yaing'ono sayang'ana pasipoti ya mwini wake. Chofunika ndi choti kampaniyo ikhale ndi malo ake mu America, izigwira ntchito zake momwemo, ikhale yofuna phindu, ndipo isapitirire msinkhu umene SBA inaika pa mtundu wa ntchitoyo. Ntchito iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa NAICS, yanu yokolopa ndi 561720, ndipo malire ake ndi mamiliyoni ambiri a madola pa chaka, inuyo muli mkati kutalitali. Pali lamulo limene amalitchula kuti rule of two, loti ngati wogula wa boma akuona kuti pali mabizinesi ang'onoang'ono awiri kapena kuposa omwe angaigwire ntchitoyo pa mtengo wabwino, aipatule ikhale ya ang'onoang'ono okha. Khomo limeneli ndi lotsegula kwa inu lero lino.

Kuti mulowepo mumalembetsa pa SAM.gov. Ndi ulere, ndibwerezenso, ndi ulere. Amakupatsani nambala yotchedwa UEI, yomwe inalowa m'malo mwa DUNS mu April 2022, ndipo chaka chilichonse mumakonzanso kalembera wanuyo. Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi kanthu kakang'ono, dzina la kampani ndi adiresi ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zili ku IRS, bungwe lotolera misonkho, ndi pa mapepala a state, pena palembedwa LLC pena palibe, pena adiresi ndi ya nyumba yakale, basi zimaima pompo. Mukangolembetsa mudzayamba kulandira maimelo ndi mafoni ooneka ngati a boma, okhala ndi chiwombankhanga pamwamba, akuti lipirani kalembera wanu asathe. Si boma limenelo. Ndikukhulupirira kuti amene anakuimbirani uja ndi wa gulu lomweli. Sikuti alangizi onse olipiritsa ndi akuba ayi, alipo ogwira ntchito bwino, koma musanalipire munthu pitani kaye ku APEX Accelerator ya dera lanu, kale ankaitchula PTAC, ntchito yawo ndi kuthandiza mabizinesi kugulitsa ku boma ndipo uphungu wawo ndi waulere. Ma SBDC, maofesi olangiza mabizinesi ang'onoang'ono, nawonso amathandiza popanda kulipiritsa uphungu.

Satifiketi ina imene imalandira green card ndi DBE, ya mabizinesi a anthu oponderezedwa, ya pansi pa unduna wa zamtengatenga. Iyi inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1983 ndipo imakhudza ntchito za misewu, mabasi, masitima ndi mabwalo a ndege zolipiridwa ndi ndalama za federal, koma amene amapereka satifiketiyo ndi state yanu. Kwa kampani yokolopa phindu lake limadalira ngati kwanuko kuli kampani ya mabasi kapena bwalo la ndege lomwe limatulutsa ntchito zoterozo. Nayonso yagwedezeka, mu 2024 khoti la ku Kentucky linaimitsa mbali ina ya pulogalamuyi pa mlandu wa Mid-America Milling, kenako mu October 2025 undunawo unachotsa kutengera mtundu kapena kuti munthu ndi mayi, nkulamula kuti makampani onse awunikidwenso aliyense payekha. Ndiye ngati mukuiganizira funsani ofesi ya DBE ya state yanu kuti afika pati. Kunja kwa boma kuli WBENC, bungwe loima palokha lomwe limapereka satifiketi ya WBE kwa makampani a amayi ndipo limalandira a green card, iyi amaigwiritsa ntchito ndi makampani akuluakulu pofuna ogula nawo katundu, koma ndi yolipira. Ma state ndi mizinda nayo ili ndi zake, New York State mwachitsanzo ili ndi cholinga cha 30 peresenti kwa makampani a amayi ndi a minority, Maryland 29 peresenti, kwina kulibiretu. Imbani ku ofesi yogula zinthu ya mzinda wanu ndi ya county mufunse mafunso awiri okha, mumalandira satifiketi iti, ndipo green card mumalola?

Tifike pa nkhani ya msuweni, ndipo apa ndilankhula mosabisa mawu. Musayerekeze. Satifiketi ya ma veteran, VOSB ndi SDVOSB ya ovulala ku usilikali, inachoka ku VA, unduna woona za ma veteran, kupita ku SBA pa 1 January 2023, ndipo ndi yamphamvu kwambiri makamaka pogulitsa ku zipatala za VA, chifukwa Supreme Court pa mlandu wa Kingdomware mu 2016 inagamula kuti VA iyenera kuyamba yaganizira makampani a ma veteran ngati alipo awiri otha ntchitoyo. Nchifukwa chake anthu amaisirira. Koma veteran ameneyo akhale anatumikira mu asilikali a America, amene anali ku MDF kwathu sawerengedwa, ndipo akhale mwini weniweni wa 51 peresenti popanda kapepala kam'mbali konena kuti kwenikweni kampani ndi yanu, akhale pa mpando waukulu, aziyendetsa yekha. Msuweni wokhala state ina, woyendetsa thiraki yake, amene sadziwa ngakhale komwe mumagula sopo, kumulemba ngati mwini ndi bodza kwa boma la federal. Kunama pa fomu ya federal pakokha chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende, ndipo lamulo la False Claims Act limalola boma kukulipiritsani katatu ndalama zimene lataya. Kwa munthu wa green card mlandu wa chinyengo utha kugwetsanso pempho la unzika ngakhale kuika pangozi green card yomweyo. Taganizani zaka zonse mwavutikazi.

Ndipo musaganize kuti sagwira. Ku Pennsylvania kunali kampani yopanga mitanda ya konkire ya milatho, Schuylkill Products, yomwe kwa zaka pafupifupi 15 inkagwiritsa ntchito kakampani kakang'ono ka DBE kotchedwa Marikina ngati chophimba. Pa pepala kontrakiti inali ya Marikina, koma anthu, makina ndi phindu zinali za kampani yaikuluyo. Ankafika pomata zikwangwani za maginito zolembedwa Marikina pa zitseko za magalimoto awo kuphimba dzina lenileni akamapita pa malo a ntchito. Makontrakiti ake anapitirira $136 miliyoni, ndipo mapeto ake akuluakulu a makampaniwo anapita kundende. Nthawi zambiri amene amaulula ndi wantchito amene mwakangana naye kapena kampani imene mwaipambana pa tenda, chifukwa opikisana nanu ali ndi ufulu wodandaula kuti satifiketi ya uyu ndi yabodza. Palinso mbali ina imene achibale saiganizira, mukalemba 51 peresenti m'dzina la msuweni, mwalamulo kampaniyo ndi yake. Tsiku limene mudzasemphane mawu pa maliro kapena pa ukwati, palibe khoti lidzamvere zoti tinangogwirizana pakamwa.

Ngati msuweniyo alidi ndi chidwi, pali njira yoyera. Atsegule kampani yakeyake, aiyendetse yekha, inu mukhale subcontractor wake kapena iye wanu. Koma ngakhale pamenepo pali malire, pa kontrakiti yopatulidwa ya ntchito ngati yanuyi, mwini kontrakiti sangapereke ndalama zoposa theka kwa makampani omwe alibe satifiketi yofanana ndi yake. Kungolandira kontrakiti nkuipatsira yonse kwa wina, iye nkumadya peresenti, nkoletsedwa.

Za achimwene anu a pa wilutcheya. Apa anthu ambiri amakhumudwa chifukwa boma la federal lilibe gawo lopatulira makampani a anthu aulumali pawokha, kupatula ma veteran ovulala aja. Chimene chilipo ndi chakuti mu 8(a) ulumali utha kukhala maziko a nkhani ija ya kuponderezedwa, ngati ndi nzika ndipo atha kuonetsa mmene zinawatsekerezera pa sukulu, pa ntchito kapena pa ngongole ya ku banki. Kuli AbilityOne, yochokera pa lamulo la 1938 lomwe linakulitsidwa mu 1971, koma imeneyo si ya eni mabizinesi, ndi ya mabungwe osafuna phindu omwe amalemba ntchito anthu osaona ndi aulumali waukulu, 75 peresenti ya maola a ntchito yeniyeniyo agwire iwowo. Ikukukhudzaninso inu, chifukwa nyumba zambiri za federal ntchito yokolopa inaperekedwa kale ku mabungwe a AbilityOne ndipo simudzaiona ikutuluka pa tenda, nde musadabwe. Anthu osaona ali ndi lamulo lawo la 1936, Randolph-Sheppard, lowapatsa mwayi woyamba woyendetsa tiokala ndi makina ogulitsa zakumwa m'nyumba za boma. Ma state ena amachita bwinoko, Illinois pafupi nanu pomwepo pulogalamu yake ya BEP imaphatikiza minority, amayi ndi anthu aulumali. Ndipo bungwe la Disability:IN limapereka satifiketi ya DOBE imene makampani akuluakulu amailandira. Koma lamulo ndi lomwe lija, akhale mwini weniweni woyendetsa zinthu, osati dzina lobwereka. Ngati achimwenewo amadziwa za makompyuta kapena kuwerengera ndalama, alimbikitseni ayambe yawo, asakhale siginecha ya pa fomu ya munthu wina.

HUBZone ndingoidutsa msanga. Siyang'ana mtundu kapena ulumali, imayang'ana malo, ofesi yaikulu ikhale m'dera la HUBZone ndipo 35 peresenti ya antchito azikhala m'madera oterowo. Mapu ake ali pa webusaiti ya SBA, lowetsani adiresi yanu muone. Mukadzakhala nzika itha kukuyenerani, chifukwa antchito okolopa ambiri amakhala m'madera amenewo kale.

Pakadali pano ntchito imene ilipo ndi kukonza m'nyumba mwanu, ndipo iyi ndi imene ndikufuna muigwire mwamphamvu. Satifiketi iliyonse idzafuna pafupifupi zinthu zofanana, mapepala a msonkho a zaka zingapo a kampani ndi anuanu, operating agreement yoonetsa kuti ndani ali ndi gawo lanji ndipo ndani ali ndi mawu omaliza, umboni woti gawo lanulo munaligula ndi ndalama zanu, khadi la ku banki loonetsa osainira, lizi ya ofesi, inshuwalansi, CV yanu. Mabanja ambiri analembetsa kampani 50 kwa 50 chifukwa cha chikondi, kapena anaika bambo ngati pulezidenti pofuna kupereka ulemu, pomwe ntchito yonse ndi ya mayi. Ngati zoona zake nzakuti mumayendetsa ndinu, mapepala anene zomwezo, ndipo musinthe pano, osati sabata imodzi musanalembe fomu chifukwa zimenezo zimaoneka zokayikitsa. Khalani pansi ndi bambo mukambirane bwinobwino, nkhani imeneyi m'banja siyophweka ndikudziwa, ndipo mukamasintha pezani loya kapena akauntanti akulembereni molondola. Akaunti ya kampani ilekeni ikhale ya kampani. Kutumiza ndalama za feteleza kumudzi kapena chopereka cha maliro kuchokera mu akaunti imeneyo kumasokoneza mabuku, dzilipireni malipiro anu kaye kenako mutumize kuchokera mu yanu.

Mapulogalamu ena monga DBE ndi WBENC amachita kukufunsani mafunso, pena kubwera pa malo anu a ntchito. Munthu amakhala pa tebulo lanu ndi kope nkufunsa zinthu wamba, makina opolishira pansi aja munagula zingati, kasitomala wanu wamkulu mumamutchaja bwanji pa sikweya futi, wantchito womaliza kumuchotsa anamuchotsa ndani, cheke cha lendi amasaina ndani. Mayi akatembenuka kuyang'ana mwamuna wake asanayankhe, wofunsayo amalemba. Kwathu kutero ndi ulemu, koma iye amaona ngati umboni woti kampani si yanu. Inu mayankho onsewa muli nawo pamtima, muyankhe nokha.

Komanso dziwani zimene zimabwera mukapambana. Ntchito zokolopa za federal zopitirira $2,500 zili pansi pa Service Contract Act ya 1965, kutanthauza kuti unduna wa zantchito umaika malipiro ochepetsetsa a dera lanu pa ola kuphatikiza ndalama ya zaumoyo, tchuthi ndi maholide, ndipo pepala limenelo limamatidwa ku tenda. Amene amaika mtengo osaliwerenga amapambana kenako nkumagwira ntchito yoluza chaka chonse. Boma limalipira ndithu, kawirikawiri pakatha masiku 30 invoisi yolondola italandiridwa, koma antchito anu amafuna malipiro pa masabata awiri aliwonse, nde mukhale ndi ndalama yoyendetsera miyezi iwiri kapena mgwirizano wa ngongole ndi banki. Makontrakiti ambiri akuluakulu amafunanso E-Verify, njira ya boma yotsimikizira kuti wantchito ali ndi chilolezo chogwira ntchito mu America, ndipo olowa m'nyumba za federal amafufuzidwa mbiri yawo, choncho aliyense pa gulu lanu mapepala ake akhale olongosoka. Ndikudziwa kuti timathandizana, mwana wa mnzathu akabwera timamupatsa ganyu, koma pa ntchito za boma zimenezo zitha kugwetsa inu ndi iye yemwe.

Ndikanakhala inu mwezi uno ndikanapangana tsiku ndi a APEX, ndikanalembetsa pa SAM.gov, kenako madzulo ena ndikanakhala pa USAspending.gov nkulowetsa nambala ija 561720 ndi state yanga. Mudzaona maofesi ati amagula ntchito yokolopa pafupi nanu, anapatsa kampani iti, pa ndalama zingati, ndipo kontrakitiyo ikutha liti. Makampani amene mudzawaone pamenepo musawatenge ngati adani, ambiri amafuna ma subcontractor odalirika a m'deralo, ndipo akuluakulu amakakamizidwa ndi lamulo kukhala ndi pulani yopatsako ang'onoang'ono ntchito. Lembani tsamba limodzi lofotokoza kampani yanu, amati capability statement, muikepo UEI, NAICS, inshuwalansi ndi makasitomala atatu omwe angakuchitireni umboni, muziyenda nalo. Lembetsaninso ngati wogulitsa ku mzinda, ku county ndi ku masukulu a dera lanu, ntchito zawo zing'onozing'ono ndi zimene zimamanga mbiri imene federal idzafunse.

Foni ya munthu uja musabwezenso, ndipo wachibale wa maganizo a msuweni mumuuze mwaulemu kuti mwafunsa ndipo sizitheka. Mukabwera ku APEX mundilemberenso zimene akuuzani pa za green card ku mzinda ndi ku county kwanuko, chifukwa kumeneko malamulo amasiyana malo ndi malo ndipo alipo ena ku Indiana komweko amene andifunsa zofanana.